A ku Kamwala, nzeru zanu za pa kauntala mwazisiya kuti?

Chilowereni kampani ya Dot Com Zambia pa msika wa masheya wa Lusaka (LuSE) kumapeto kwa chaka cha 2025, ku Kamwala kwabadwa akatswiri a zachuma ochuluka kuposa mashopu. Wogulitsa makatani, wokonza mafoni, mtsikana wa pa buthi yotumizira ndalama, ngakhale tamanga amene m'thumba mwake simugona K50, aliyense ali ndi chigamulo chake. Ena akuti gulani msanga, za makompyuta ndiye tsogolo, wochedwa adzagula modula. Ena akuti ndi zija zomwe, chaka chamawa mudzalira ngati analirira a Heritage Coin. Ine ndikuti magulu onse awiriwa akulankhula zopanda mutu. Chondiwawa n'chakuti olankhulawo ndi anthu amene pa nkhani ya malonda palibe angawaphunzitse kanthu.

Ndiyambe ndi okayikawo, poti mlandu wawo ndi waufupi. Mantha awo ali ndi gwero. Mu 2018 anthu ambiri mu Lusaka muno anataya ndalama ku Heritage Coin, imene inkalonjeza phindu lonona pa ndalama za pa intaneti, mpaka a Drug Enforcement Commission analowererapo. Zisanachitike zimenezo, MMM inali itasesa kale matumba a anthu ku Zimbabwe ndi ku Nigeria mu 2016. Koma kuika kampani ya pa LuSE mumtanga umodzi ndi zinthu ngati zimenezo ndi ulesi. Wakuba wamtundu uja amakuuzani kuti bweretsani wani sauzande, pakatha mwezi mudzatenge yoposa pamenepo, ndipo amakulipirani ndi ndalama za mnzanu amene wabwera pambuyo panu. Kampani yolowa pa msika wa masheya silonjeza munthu khobidi. Imadutsa m'manja mwa Securities and Exchange Commission (SEC) motsata lamulo la 2016, imasindikiza chikalata chofotokoza ntchito zake, ngongole zake ndi zoopsa zake, mabuku ake amaunikidwa ndi akatswiri akunja kwa kampaniyo, ndipo chaka chilichonse eni ake amaima pamaso pa ogula masheya kuyankha mafunso. Wakuba uti anavomerapo zimenezi?

Komanso tinene chilungamo. LuSE inatsegulidwa mu 1994, Chilanga Cement n'kukhala yoyamba kulowapo mu 1995. Kuyambira pamenepo msikawu wakhala bwalo la zimphona: Zambia Sugar, Zambian Breweries, Zanaco, Copperbelt Energy, ZCCM-IH, Airtel. Ambiri mwa makampaniwa ndi aja anali a boma n'kugulitsidwa, kapena ana a makampani akunja. Khomo laling'ono lotchedwa Alt-M, limene anatsegulira makampani ang'onoang'ono, linakhala zaka ndi zaka popanda wolowapo mpaka Dot Com Zambia italowa. Ndiye ngati Mawano Kambeu, woyambitsa kampaniyi, amene anayamba ndi kugulira anthu katundu pa intaneti, kenako matikiti a basi, kenako makhadi olipirira pa mageti a misewu, wavomera kutsegula mabuku ake kuti aliyense asuzumiremo, ameneyo ndi woyenera kumuombera m'manja. Timadandaula tsiku ndi tsiku kuti chuma cha dziko lino chili m'manja mwa alendo. Mwana wa m'mudzi akati bwerani tigawane kampani, tisathamangire kumutcha wakuba.

Basi, okayikawo ndathana nawo. Amene ndili nawo mlandu waukulu ndi otenthekawo.

Chiphaso cha SEC chimangotanthauza kuti mwauzidwa zimene lamulo limafuna kuti muuzidwe. Sichitanthauza kuti mupindula. Investrust Bank inali pa LuSE pomwepo, ndi mabuku ounikidwa ndi misonkhano ya pachaka. Pa 2 April 2024 Bank of Zambia inailanda chifukwa ngongole zake zinali zitaposa chuma chake. Osunga ndalama m'bankimo anaganiziridwa poyamba, monga mwa lamulo. Mwini sheya amaima kumapeto kwenikweni kwa mzere: ogwira ntchito, a msonkho, okongoza, onse adye kaye, iye alandire zotsala ngati zilipo. Sheya ndi umwini, ndipo mwini ndi amene amagona ndi njala malonda akavuta. Amayi a ku Luburma amadziwa zimenezi kuposa ine, chifukwa mwezi ukaipa lendi amalipira, wantchito amamulipira, amene amapita kunyumba chimanjamanja ndi iwowo.

Apa ndi pamene ndimadabwa. Taonani mmene wamalonda wa ku Kamwala amaodera belo ya salaula. Salipira chifukwa choti mnansi wake wati ndi yabwino. Amafunsa kuti yachokera dziko liti, ndi giredi yanji, wogulitsayo anamugulapo kale kangati, m'belo yapitayo zovala zotayika zinali zingati. Amawerengera mumtima kuti akatsegula, zoyamba kusankhidwa zibweza ndalama zingati, zotsala adzagulitsa motchipa bwanji, ndipo mpamba ubwerera pakatha masabata angati. Munthu yemweyo, wochenjera choncho, akangomva kuti "technology" amavula nzeru zonse n'kuzisiya pa kauntala. Funso lake limatsala limodzi: ikwera?

Limenelo si funso. Funso loyamba ndi lomwe mumafunsa pa malonda ena alionse: ndalama zimalowa kuchokera kwa yani? Kampani ya za makompyuta ikhoza kukhala ndi anthu zikwizikwi ogwiritsa ntchito makhadi ake, koma khomo lodutsira ndalamazo lili limodzi. Mageti a pa Shimabala, Katuba ndi Chongwe si a kampani iliyonse yopanga makhadi. Misonkho ya pamsewu ili m'manja mwa boma kudzera ku National Road Fund Agency, ndipo misewu ina, monga wa Lusaka kupita ku Ndola, boma linaipereka kwa makampani omanga kuti azitolera okha kwa zaka zambiri. Choncho aliyense wofuna kugula sheya m'kampani imene mbali ya malonda ake imadalira mageti ayenera kutsegula chikalata chija n'kufufuza: mgwirizanowo ndi wa zaka zingati, utha liti, ndani angauthetse, nanga pa ndalama zonse zolowa ndi gawo lanji limene limadalira pepala limodzi limenelo. Sindikunena kuti mayankho ake ndi oipa. Ndikunena kuti mwa anthu khumi amene akukangana pa Chilimbulu Road, ndikukayika ngati alipo awiri amene anawafufuza.

Ndipo kuchita malonda ndi boma kuli ndi nyengo zake. Mu 2010 boma la MMD linagulitsa magawo 75 pa 100 alionse a Zamtel kwa LAP Green ya ku Libya pa mtengo wa madola 257 miliyoni. Mu January 2012 boma la Michael Sata linailandanso. Kaya ndani analakwa pa nkhani imeneyo, phunziro kwa woika ndalama ndi lomveka: chisankho chimodzi chikhoza kusintha mwini wa kampani yathunthu, nanji mgwirizano wa makhadi.

Funso lina ndi lakuti: chimene kampaniyi ikuchita, wamkulu kuposa iyo angachichite mawa? Tonse tikukumbukira Zoona. Inayamba mu 2009, timabuthi take tobiriwira tinadzaza m'makomboni, ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama, mpaka inawolokera ku Malawi. Inali kampani yabwino, yoyendetsedwa ndi anthu anzeru, ndipo azungu a ndalama anathiramo mamiliyoni a madola. Inaphunzitsa anthu kutumiza ndalama kumudzi popanda kupatsira kondakitala wa basi. Itatha kuphunzitsako, MTN ndi Airtel, amene anali kale ndi nambala ya munthu aliyense m'manja, anatsitsa mitengo n'kumwaza mabuthi awo pa mphambano iliyonse. Lero yendani kuchokera pa Intercity mpaka ku Kamwala muwerenge mabuthi achikasu ndi ofiira, kenako mufunefune yobiriwira ya Zoona. Mu 2022 kunalengezedwa kuti Chipper Cash ikugula Zoona. Palibe anaba, palibe ananama. Anangobwera akuluakulu ndi thumba lalitali. Kampani yaing'ono ya zamakono imakhala ndi vuto limeneli nthawi zonse: ikalephera imafa, ikapambana imaitana zimphona.

Tsopano mtengo. Pano ndipempha kuti tichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu ambiri akuterereka. Kampani ikhoza kukhala yabwino koma sheya yake n'kukhala yodula mopusa. Tiyerekeze, ndipo manambalawa ndi ongoyerekeza, kuti sheya ikugulidwa pa K20 ndipo phindu la kampani pa chaka, mutaligawa pa masheya onse, likukwana K1 pa sheya. Ndiye kuti mwalipira phindu la zaka 20. Kodi munthu atakuuzani kuti gulani shopu yanga, ndalama zanu zidzabwerera pakatha zaka 20, mungamuyankhe chiyani? Mukhoza kuvomera pokhapokha mutaona ndi maso kuti phindulo likukula msanga chaka ndi chaka. Mawa lake sheya ija ikafika pa K40 phindu likadali K1, anthu amaimba nthungululu kuti yakwera. Chakwera n'chiyani? Kampani ndi yomweyo, makasitomala ndi omwewo. Chasintha n'chakuti wogula lero akulipira zaka 40. Amene anagula poyamba wasangalala, inde, koma inu amene mukulowa chifukwa mwamva kuti yakwera ndinu amene mukumulipira chisangalalocho.

Zoterezi zinachitikapo pa maso pa dziko lonse. Jumia, imene ankaitcha Amazon ya mu Africa, inalowa pa msika wa New York mu April 2019 pa madola 14.50 sheya imodzi. M'masabata ochepa inayandikira madola 50. Pofika March 2020 inali pansi pa madola 3. Kampaniyo ilipobe mpaka lero, koma amene anagula pamwamba paja chifukwa cha phokoso anaona zakuda. Kale pang'ono, mu March 2000, msika wa Nasdaq ku America unafika pachimake anthu akulimbirana kampani iliyonse ya pa intaneti. Pofika October 2002 unali utagwa ndi magawo pafupifupi 78 pa 100. Pets.com inalowa pa msika mu February 2000, n'kutseka mu November chaka chomwecho. Otenthekawo amakonda kunena kuti nanga Amazon bwanji, amene anagula kalelo lero ndi mabwana. Zoona. Koma sheya ya Amazon nayo inagwa ndi magawo oposa 90 pa 100 nthawi imeneyo, ndipo panapita zaka zambiri isanabwerere pamene inali. Anapindula ndi amene anali ndi ndalama zoti akhoza kuziiwala kwa zaka khumi. Kodi mpamba wanu wa ku Nakonde mungauiwale kwa zaka khumi?

Wina anena kuti za ku America zisiyeni, taonani kwa anansi athu. FDH Bank inalowa pa msika wa ku Blantyre mu 2020 pa K10 ya Malawi, ndipo patapita zaka zisanu inali pa makwacha mazana angapo. Sindikutsutsa, alipo amene analemera nazo. Koma limenelo ndi banki, phindu lake linkaoneka m'mabuku chaka ndi chaka, ndipo mabanki a ku Malawi akhala akudya bwino pokongoza boma pa chiwongoladzanja chokwera. Onjezanipo kuti kwacha ya kumeneko inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu May 2022 ndi enanso 44 mu November 2023, moti anthu ankathawira ku masheya poopa kuti ndalama ziwasungunukira m'manja. Kutenga nkhani ya banki ya ku Blantyre n'kuipanga umboni wa kampani ya makhadi ya ku Lusaka ndi kunamiza anthu, ngakhale manambala onse otchulidwawo atakhala oona.

Palinso chinthu chimene aphunzitsi a za masheya a pa WhatsApp satchula n'komwe, ndicho khomo lotulukira. Msika wathu ndi wopyapyala. Pa LuSE pali makampani amene sheya zawo zimatha masiku osagulidwa kapena kugulitsidwa ndi aliyense, chifukwa zambiri zili m'manja mwa eni ake ndi mabungwe a penshoni amene sagulitsa. Kampani yaing'ono ikatulutsa masheya ochepa ogula ali ambiri, mtengo umalumpha, ndipo anthu ochepa chabe ogula timasheya tochepa akhoza kuukankhira m'mwamba. Nambala imene mukuiona pa foniyo ndi mtengo umene munthu wotsiriza analipira. Si lonjezo loti inunso mudzapeza wogula pa mtengo womwewo. Tsiku limene mwana wathamangitsidwa kusukulu, kapena katundu wanu wagwidwa pa boda akufuna msonkho, mudzauza broker, wokugulirani ndi kukugulitsirani masheya, kuti gulitsani, iye adzakuyankhani mwaulemu kuti ogula palibe, tidikire, kapena titsitse. Ndipo kupyapyala komwe kunakweza mtengo msanga kumaugwetsanso msanga, chifukwa mantha akagwira anthu onse amafuna kutuluka tsiku limodzi.

Aphunzitsiwo ndiwatchulepo, popeza achuluka ngati bowa wa m'dzinja pa Facebook ndi TikTok. Ena ndi a mtima wabwino ndipo athandiza achinyamata kudziwa kuti msika wa masheya si wa matayi okha. Koma munthu akamakuuzani m'mawa ndi madzulo kuti gulani sheya yakuti, mufunseni mafunso awiri: inu muli nazo zingati, ndipo munagula pa mtengo wanji? Ngati anagula motchipa, phokoso lakelo ndi malonda. Akufuna inu mubwere kuti mtengo ukwere. Akakana kuyankha, mwayankhidwa kale. Mufunsenso ngati ali ndi chiphaso cha SEC chopereka uphungu wa zachuma, poti lamulo limafuna chimenecho.

Tiyerekezenso sheyayo ndi malo ena amene ndalama yomweyo ikadagona. Wamalonda wa ku Kamwala amene amatenga mpamba wake kupita nawo ku Kariakoo ku Dar es Salaam, n'kuutembenuza kangapo pa chaka, kawirikawiri amapeza zoposa zimene sheya iliyonse ingamupatse, ndipo malondawo amawadziwa ngati chikhatho chake. Kuchotsa ndalama pamenepo n'kuziika m'kampani imene sangathe kufotokoza mmene imapezera phindu si kupita patsogolo. Palinso mabondi a boma, amene zaka zina apereka chiwongoladzanja choposa magawo 20 pa 100. Nawonso si opanda chilema: mu November 2020 Zambia inalephera kulipira ngongole zake zakunja, ndipo pakati pa 2021 mitengo ya zinthu inkakwera ndi magawo oposa 24 pa 100, kudya gawo lalikulu la phindulo. Komabe ndiwo muyeso. Ngati sheya ya kampani yaing'ono, ndi zoopsa zake zonse, sikuonetsa kuti ingapose bondi ya boma, mukuvutikiranji?

Ndiye kodi ndikuti musagule? Ayi. Ndikufuna anthu a ku Kamwala, a ku Mtendere, a ku George akhale eni makampani a dziko lino, ndipo ndikufuna makampani ena ang'onoang'ono atsatire pa Alt-M mpaka pathine. Koma zimenezo zidzatheka pokhapokha oyamba kugulawa asapse manja. Anthu akalowa ndi ndalama zolakwika n'kupsa, adzauza ana awo kuti masheya ndi ufiti, ndipo khomo lija lidzakhalanso zaka zina khumi popanda wolowapo. Otenthekawo, amene amadziona ngati abwenzi a msika, ndiwo angauphe.

Ndalama zolakwika ndi ziti? Mpamba wa oda. Fizi ya ana. Chilimba chimene mwalandira mwezi uno koma muyenera kubweza miyezi ikubwerayi. Ndalama za village banking, zimene si zanu nokha ndipo tsiku logawana lili kale pa kalendala. Magawo 20 pa 100 aja amene NAPSA inayamba kulola anthu kutapa mu 2023, ngati ndiwo okhawo amene muli nawo a ukalamba. Za kaloba sindinena n'komwe: munthu wokongola kaloba kuti agule sheya afunika abale amukhazike pansi. Ndalama yoyenera ndi imene mungaisiye zaka zisanu osaifunsa, imene itatsika ndi theka simungasowe tulo, ndipo ngakhale imeneyo musaiunjike pa kampani imodzi.

Mlandu wotsiriza ndi wa akuluakulu a LuSE, a SEC ndi ma broker. Mwachita bwino kuika msika pa foni kuti munthu agule sheya ali pa shopu yake. Koma mwapeputsa kugula osapeputsa kumvetsa. Chikalata chofotokoza kampani chimabwera m'Chingerezi cha maloya, masamba ambirimbiri, gawo la zoopsa litabisala pakati. Amayi ogulitsa zitenje amene amawerengera phindu la katoni yonse pamtima sangadutse tsamba lachitatu, osati chifukwa chopanda nzeru koma chifukwa simunawalembere iwo. Mpata umene mwausiyawo ndi umene aphunzitsi a pa WhatsApp adzazamo. Makampani a mafoni akafuna kutigulitsa mabandulo amadziwa Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi. Andale akafuna voti amadziwa njira ya ku Kalingalinga. Inu chikukuvutani n'chiyani?

Pempho langa ndi ili. Kampani iliyonse yofuna ndalama za anthu wamba pa Alt-M ikakamizidwe kutulutsa masamba awiri okha m'zilankhulo zathu, onena momveka kuti ndalama imazipeza kwa yani, kasitomala wamkulu amabweretsa gawo lanji, migwirizano yake itha liti, phindu la zaka zitatu zapitazi linali lotani, ili ndi ngongole zingati, ndipo eni ake aloledwa liti kugulitsa masheya awo. Masambawo awerengedwe pa wailesi, amatidwe pa Luburma ndi pa City Market, ndipo oyendetsa kampaniyo abwere okha ku Kamwala adzayankhe mafunso a amalonda maso ndi maso. Inunso a ku Kamwala, kufikira tsiku limenelo, pezani chikalatacho, mupatseni mwana wanu wa ku UNZA kapena ku Evelyn Hone akuwerengereni gawo la zoopsa liwu ndi liwu, ndipo musatulutse ngwee musanamve mayankho.